Wopalasa Wopanda Nyali

Ndinayamba kupalasa njinga yothamanga nditapuma pa ntchito. Adokotala anati mtima wanga suyenera kukalambira pampando, ndipo mwana wanga wachisamba anandigulira njinga ya matayala owonda ngati chala, yopepuka moti ndimainyamula ndi dzanja limodzi. Ndinaikonda. Sindichita manyazi kunena kuti ena mwa mapemphero anga okoma ndawapemphera ndili pa chishalo chake, mphepo ikundiwomba kumaso.

Mayi a kunyumba sanaikonde. Tsiku lina miyendo inandikanira panjira, munthu wachifundo nandibweretsa pa galimoto. Usiku womwewo anandiikira lamulo.

"Bambo, zaka makumi asanu ndi awiri si masewera. Mukadzabweranso atakunyamulani, njingayi ndidzaipachika kudenga, ndipo simudzaitsitsanso."

Ndinavomera. Mkazi wanga sanena mawu kawiri.

Wokonza njinga wathu timamutcha Sipoko, chifukwa ndi wowonda ngati waya wa m'tayala la njinga. Ndiye anandiyeza mwendo n'kukweza chishalo kufikira mawondo atasiya kudandaula. Ndiyenso anandiphunzitsa kuvala nsapato zokola m'mapedulo. Lachisanu lina madzulo ndinapita kwa iye kuti andichotsere nyali yaikulu ya kutsogolo, aikepo kanyali kakang'ono kamene ndinagula.

"Madala, yaikuluyi yakulakwirani chiyani?"

"Ikulemera."

"Ikulemera? Yambani mwachotsa mimbayo, ndiye tikambe za nyali." Anaseka mpaka sipanala inagwa. Kenaka anati, "Kanyali aka n'koti anthu akuoneni, si koti inu muone msewu."

Sindinamvere. Kunyada sikukalamba, kumangomera imvi.

Ndiyenera kufotokoza khalidwe lathu la pamsewu, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Tikamapalasa ambiri, timayenda pamzere. Wa patsogolo amang'amba mphepo, enawo amabisala kumbuyo kwake, tayala kufupi ndi tayala. Ntchito ya wa patsogoloyo timaitcha kukoka. Akaona dzenje, amaliloza ndi chala kuti a kumbuyo alilambalale. Akatopa, sayankhula. Amangogwedeza chigongono, wotsatira n'kupita patsogolo. Munthu wongobisala osakokako timamutcha katundu, ndipo ndi dzina lamanyazi.

Loweruka limenelo anzanga anali ndi zochita, choncho ndinanyamuka ndekha dzuwa litapendeka. Ulendo wopita unali wokoma. Mphepo inali kumsana, tcheni chikuyenda mofewa, ine ndikuimba nyimbo za kutchalitchi pansipansi. Pobwerera, tayala la kumbuyo linaphwa. Ndinasintha chubu. Ndisanapite patali, linaphwanso, pakuti m'changu changa sindinachotse kaminga kamene kanatsalira mkati. Ndinakhala pambali pa msewu, n'kumata chigamba, n'kudikira kuti chigwire, n'kupopa. Podzuka, dzuwa linali litalowa.

Kanyali kanga kanayaka mpaka pa mlatho. Nditangowoloka, kanaphethira kawiri n'kuzima.

Kunali kutatsala makilomita makumi awiri. Mwezi kunalibe. Mphepo imene inandikankha popita tsopano inali kumaso. Foni inali m'thumba la kumsana, ndipo ndinadziwa kuti ndikangoimba, mwana wanga abwera ndi galimoto. Ndinadziwanso chimene chidzatsatire. Ndinaisiya m'thumba momwemo, ndi kupalasa pang'onopang'ono, ndikutsata kamzere koyera ka m'mphepete kamene kankaoneka n'kusowa.

Ndipamene ndinamva kulira kwa tayala kumbuyo kwanga. Njinga zathu zimalira *tchiriri* munthu akasiya kupalasa. Kulira kwake kunali komweko, pafupi kwambiri.

"Madzulo abwino kumbuyoko," ndinatero.

Sanayankhe. Sindinadabwe. Pamsewu mpweya ndi wosowa, ambiri sautaya pa moni. Chimene ndinadabwa nacho n'chakuti analibe nyali, pakuti akanakhala nayo, kuwala kwake kukanandipitirira.

Ndinakoka kanthawi. Miyendo inayamba kulemera. Ndipo mkono wanga unachita chimene unazolowera, mutu usanaganize. Ndinagwedeza chigongono.

Anadutsa kudzanja lamanja, mosafulumira. Nkhope sindinaione. Ndinaona masokosi oyera, ndi msana wowerama bwino, wa munthu wodziwa njinga. Anakhala patsogolo panga, ndipo mphepo inaduka ngati watseka chitseko.

Ndinathokoza Mulungu, n'kuika maso pa masokosiwo. Ankakwera ndi kutsika mosasintha. Kenaka dzanja linatsika, chala n'kuloza pansi kumanzere. Ndinapatukira kumanja. Ndinamva timiyala ta m'mphepete mwa dzenje tikuthetheka pansi pa tayala langa. Analozanso. Ndinapatukanso. Mumdima umene ine sindinkaona ndi handulo yanga yomwe, iye ankaona dzenje lililonse.

Mtima unayamba kuwerenga zinthu zimene sindinafune kuwerenga.

Pali nyumba ina ya m'mbali mwa msewu imene agalu ake sanandilolepo kudutsa mwamtendere. Tinadutsa. Ndinawamva akulira mopempha, akuthawira kuseri.

Tinafika pa chitunda chachitali chimene anyamata omwe amapumira m'mwamba. Ine ndinasintha magiya mpaka anatha. Iye sanasinthe ngakhale kamodzi. Ndinatchera khutu kuti ndimve kupuma kwake. Ndinkangomva kwanga.

Pansi pa chitundacho pamadikha madzi a mpopi wophulika. Tayala langa linawaza madziwo, nandinyowetsa miyendo. Lake linadutsa chete.

Ndinaganiza zoima. Koma nsapato zanga zinali zokola m'mapedulo, ndipo kuzimasula pamdima kumafuna phazi lokhazikika. Komanso ndikaima, iye akaimanso, tikatani awirife pamdima?

Tsono anagwedeza chigongono.

Ndinachita ngati sindinaone. Kupita patsogolo kunatanthauza kudutsa pambali pake, phewa ndi phewa. Kunatanthauzanso kumuika kumsana kwanga, kumene maso safika.

Anagwedezanso. Liwiro lake silinasinthe.

Ndinalankhula ndi Mlengi wanga mumtima, monga mwana alankhula ndi atate wake. Ndinati, Ambuye, uyu sindikumudziwa, koma Inu palibe chobisika kwa Inu, cha usana kapena cha usiku. Ndipo yankho limene ndinalandira silinali la mantha, linali la manyazi. Kaya anali ndani, anali atandigwirira ntchito. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana a mumpingo kuti munthu asadye thukuta la mnzake. Kodi chiphunzitso chimenecho chimatha dzuwa likalowa?

Pogwedeza kachitatu, ndinatuluka.

Maso ndinawaika pansi. Podutsa pambali pake ndinamva kuzizira, konga kwa munthu wotsegula firiji. Fungo linalipo, la mafuta akale a tcheni.

"Zikomo," ndinatero. "Mwakoka mokwanira."

Mphepo inandilandira ndi manja awiri. Ndinaweramitsa mutu n'kukoka. Kumbuyo kunalira *tchiriri*, kenaka chete, kenaka *tchiriri*. Njinga ikamalira choncho ndiye kuti mwini wake akupuma, wabisala bwino. Ndivomereze kuti pakati pa mantha onsewo ndinamva kukoma pang'ono, kuti nkhalamba ngati ine ikupumitsa mnzake.

Koma ine sindinkaona maenje, ndipo chala changa chinalibe choloza. Kamodzi kokha anayankhula.

"Kumanzere."

Anali mawu wamba, a munthu wotopa. Ndinapatukira kumanzere. Chinthu chachikulu chakuda chinadutsa pafupi ndi bondo langa. M'mawa mwake ndinamva kuti inali ngolo ya lole yofera pamsewu, yosiyidwa popanda chizindikiro.

Ndinakoka mpaka magetsi a nyumba zoyamba anaoneka. Pa mphambano yolowera kwathu ndinatambasula dzanja monga tichitira.

"Ine ndikukhotera kuno. Muyende bwino."

Ndinakhota. Kulira kuja kunapitirira ndi msewu waukulu, kukuchepa, mpaka kunatha. Sindinacheuke.

Mayi a kunyumba ndinawapeza ataima pa geti, manja atapinda.

"Mwabwera ndi miyendo yanu?"

Ndikanatha kungoti inde. Koma takhala zaka makumi anayi ndi zisanu osanamizana.

"Ndi miyendo yanga, mayi, koma osati ndekha."

Ndinawafotokozera zonse, pomwepo pa geti, chisoti chili kumutu. Anayang'ana kumsewu.

"Galimoto sinakunyamuleni," anatero potsiriza. "Njinga ikhale pansi. Koma bambo, munthu wakuperekezani mtunda wonsewo, inu osamuitana n'kudzamwa madzi omwe?"

Ndinavula chisoti, n'kulowetsa njinga.

Lolemba ndinapita kwa Sipoko ndi tayala lija. Ndinayembekeza kuti andiseka. Sanaseke. Anaika pampu pansi, nayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

"Madala, atagwedeza chigongono, munakoka?"

"Ndinakoka."

Anapuma mpweya wautali. Anati si ine woyamba. Anati kunali mphunzitsi wina, mnyamata wamphamvu, amene anakumana ndi wopalasa wopanda nyaliyo pa mlatho womwewo, n'kungobisala kumbuyo kwake osakokako. Anthu opita kumunda anamupeza m'bandakucha, kutali ndi kwawo ulendo wa tsiku lathunthu, akuzungulira bwalo la mpira pa njinga, matayala onse ataphwa, maso ali gwa patsogolo. Anachita kumugwira anthu atatu. Njinga sanaikwerenso.

"Nanga iyeyo ndani?" ndinafunsa.

Sipoko anatukula mapewa. Anati ena amati ndi wopalasa amene anzake anamusiya pa chitunda chija kalekale, ndipo akufunabe gulu loti afike nalo. Ena amati ndi mthenga wotumidwa kwa ouma mitu. "Ngati inuyo, madala," anatero, koma osamwetulira.

Ine sindiweruza. Malemba andiphunzitsa kuti pali zinthu zoululidwa ndi zinthu zobisika, ndipo zobisikazo zili ndi Mwini wake. Ndimapalasabe Loweruka lililonse, ndi mtima wokondwa, ndipo ndimabwerera dzuwa likadalipo. Koma pa pemphero la madzulo, ndikatha kutchula ana, adzukulu ndi odwala a mumpingo, ndimawonjeza mmodzi amene sindidziwa pomuika, kaya pakati pa amoyo kapena ayi.

Ndimangoti, "Ambuye, mnzanga uja wa pamsewu, Inu mukumudziwa. Mumufikitse kwawo."

Ndipo mayi a kunyumba amati, "Amen."