Bowo pa Chikwama cha Amayi

Kamphepo anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankamutcha Kamphepo chifukwa sankakhala pansi. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna amayi ake apeze ntchito.

Amayi anapita ku fakitale ya zikwama. Akapitawo anawapatsa nsalu yobiriwira. Anati akasoke chikwama chimodzi kunyumba. Chikakhala chabwino, ntchito ndi yawo. Chikakhala choipa, alemba munthu wina.

Nsaluyo inali yachilendo. Inali yopepuka ngati pepala. Inali ndi timadontho ting'onoting'ono.

Agogo aamuna anali telala kale. Anaigwira nsalu ija. Anainunkhiza. Anakwinya nkhope.

"Iyi si nsalu," anatero agogo. "Ulusi wake uli kuti?"

Amayi anati nsalu imeneyi saiwomba. Amasungunula timibulu ta pulasitiki. Pamatuluka timaulusi ngati ta kangaude. Makina otentha amatipanikiza pamodzi. Basi, nsalu yatheka. Anatinso chikwama chake chimaposa jumbo. Jumbo mumataya tsiku lomwelo. Ichi mumachapa, n'kunyamuliranso.

Agogo anati anthu a masiku ano adzativeka mabotolo.

Kamphepo sanamve zonsezi. Anali panja, akulumpha chingwe.

Kutacha, amayi anasoka chikwama. Anasoka m'mbali. Anasoka zogwirira. Anachiika patebulo, napita kukasamba.

Kamphepo anachiyang'ana. Chinali chokongola, koma chinali ndi makwinya. Nanga akapitawo akaona makwinya? Nanga akakana?

Simbi inali pomwepo. Agogo anali atangosita malaya awo. Inali ikadali yotentha.

Kamphepo anainyamula ndi manja awiri. Anaiika pa chikwama.

Tsiii!

Kunamveka fungo loipa. Kamphepo anachotsa simbi msanga. Makwinya anali atatha. Koma panali bowo. Bowo lalikulu ngati chikhatho chake.

Anakoka m'mphepete mwa bowo. Bowo silinatsekeke. Analiphimba ndi dzanja. Atachotsa dzanja, bowo linali pomwepo.

Kubafa madzi anali kumvekabe. Kamphepo anabisa chikwama kumbuyo kwake.

Agogo analowa akununkhiza.

"Chikupsa n'chiyani muno?"

Kamphepo anangoima pomwepo, manja ali kumbuyo.

"Iwe Kamphepo, lero waima malo amodzi? Ndiye kuti zavuta."

Amayi analowanso. Anayang'ana patebulo. Panalibe chikwama.

Kamphepo anachitulutsa pang'onopang'ono. Misozi inatsika.

"Amayi, ndine. Ndimafuna kuchotsa makwinya."

Amayi anakhala pansi. Sanakalipe. Anangoyang'ana bowo lija. Kenako anayang'ana wotchi. Nthawi yopita ku fakitale inali pafupi.

Agogo anati iwo ananeneratu. Nsalu yanji yoopa simbi?

Nsalu yotsala inali yochepa. Sinali yokwana chikwama china. Kamphepo anaitola pansi pa makina osokera. Anaiika pa bowo. Bowo linabisika. Koma chigamba chinkaoneka kuti ndi chigamba.

Anafuna kuiwongola. Dzanja lake linalowa kunsi kwake. Linalowa bwinobwino, ngati m'thumba la diresi.

"Amayi, musoke mbali zitatu zokha," anatero. "Pamwambapa musasoke. Likhale thumba."

Amayi anadzutsa mutu.

Agogo anapukusa mutu. Anati thumba lobowoka kumbuyo si thumba. Analowa kuchipinda kwawo. Anabwera ndi sizasi yawo yakale. Sizasi imeneyi sankabwereka munthu. Anadula kansalu kaja pawiri.

"Ichi m'kati, kutseka bowo. Ichi kunja, thumba. Soka, mwanawe, nthawi ikutha."

Amayi anapalasa makina. Kamphepo anagwira nsalu kuti isatsetsereke. Makina analira, kete kete kete. Amayi anadula ulusi. Anathamangira ku fakitale.

Kamphepo anakhala pakhomo. Anadikira. Sanalumphe chingwe. Anadikirabe. Agogo anati akapitawo ndi anthu ovuta. Komabe nawonso anatulutsa mpando. Nawonso anadikira.

Masana, amayi anatulukira pamsewu. Chikwama chinali paphewa. Kamphepo anaima. Kodi achikana?

Amayi anati akapitawo anachitembenuza. Anaona chigamba cha m'kati. Anafunsa. Amayi anawauza zoona zokhazokha. Akapitawo anakoka zogwirira. Sizinaduke. Anaika makiyi awo m'thumba. Sanagwe.

"Ndiyamba Lolemba," anatero amayi. "Chikwamachi andipatsa."

Kamphepo anawakumbatira. Analonjeza kuti simbi sadzaigwiranso osafunsa.

Agogo analanda chikwama chija. Anachinunkhizanso. Anavula magalasi awo. Anawaika m'thumba muja.

"Nsalu ndi yabodza," anatero. "Koma thumbali ndi lenileni."

Amayi anaseka. Kamphepo anatola chingwe chake, n'kuthamangira panja.