Kabelu ka m'Thumba la Kumanzere

Atikonda anali mtsikana wa ku Phalombe. Anali mu Sitandade 3, chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita nawo pa ulendo wa mtanda.

Chaka chilichonse anthu a tchalitchi chawo ankayenda ulendowu. Ankayenda pansi tsiku lonse, akuimba ndi kupemphera. Ankadutsa pa mpata wa Fort Lister, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Ankakagona ku tchalitchi cha kuseri kwa phiri.

Chaka chimenecho amayi anavomera. Iwo anali ndi khanda, choncho anatsala. Atikonda anayenera kupita ndi azakhali ake, a Eneless.

Atikonda anatenga chikwama chake chakumsana. Anaponyamo madzi. Anaponyamo juzi. Anaponyamo chakudya. Pamwamba penipeni anaika diresi la Lamulungu.

A Eneless anafika. Anasuzumira m'chikwama. Anachikhuthula pamkeka.

"Azakhali, ndinamaliza kale," anatero Atikonda.

"Uku n'kulongedza kapena kutaya zinyalala?" anafunsa a Eneless. "Ukamva ludzu panjira, udzamwa diresi?"

Atikonda anayang'ana katundu wake pamkeka.

"Tamvera. Chofuna mawa, pansi. Chofuna masana, pakati. Chofuna msanga, pafupi ndi dzanja."

Diresi linapita pansi. Chinangwa ndi kalongonda zinapita pakati. Juzi inapita pamwamba. Botolo la madzi linalowa m'thumba la kumanja.

Kenaka a Eneless anamupatsa kabelu kakang'ono. "Aka ndi ka m'thumba la kumanzere. Aliyense wa pa ulendowu amatenga kake."

"Ka chiyani, azakhali?"

"Pa mpata paja pamagwa nkhungu. Mu nkhungu sitiitanana maina. Ukamva dzina lako, usayankhe. Liza belu."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa si onse oitana ali a pa ulendo. Basi, mafunso akwana. Bereka chikwama. Tsinzina."

Atikonda anabereka chikwama. Anatsinzina.

"Madzi," anatero a Eneless. Dzanja linapita kumanja.

"Belu." Dzanja linapita kumanzere.

"Madzi. Belu. Madzi. Belu."

Anabwereza mpaka Atikonda anatopa.

M'mawa ulendo unayamba. A Kaliati, mkulu wa mpingo, anali patsogolo ndi mtanda. Anthu anaimba. Dzuwa linatentha. Atikonda anamva ludzu. Sanaime. Dzanja linangopita kumanja, ndipo anamwa akuyenda.

Masana anafika pa mpata. Mphepo inazizira. M'mbali mwa njira munali makoma akale a miyala. Anali ogumuka. Udzu unamera pamwamba pake. Nyimbo inatsika, inatsika, mpaka inatha. Ngakhale mbalame sizinkalira.

Kamwala kanalowa mu nsapato ya Atikonda. Iye anakhala pansi. Anavula nsapato. Anachotsa kamwala. Anavalanso.

Atadzutsa mutu, anthu onse panalibe.

Nkhungu inali itagwa. Kutsogolo kunali mbee. Kumbuyo kunali mbee. Mtanda sunaoneke. Njira sinaoneke. Ngakhale mapazi ake sanaoneke bwino.

Kunali zii.

Ndipo anamva mawu.

"Atikonda."

Mawuwo anachokera kumunsi, kumene kunali makoma aja. Anali mawu ofatsa. Anali ngati mawu a amayi.

Atikonda anaimirira. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Koma anakumbuka. Amayi anali kunyumba ndi khanda. Anatseka pakamwa.

"Atikonda, bwera kuno."

Tsopano mawuwo anali pafupi. Mapazi sanamveke. Udzu sunagwedezeke.

"Watopa, mwana wanga. Tula chikwamacho. Chikukulemera."

Chikwama chinalemeradi. Koma Atikonda sanatule chikwama. Panalibe chifukwa chochitula. Anatsinzina, ngati dzulo pamkeka.

Madzi, kumanja. Belu, kumanzere.

Dzanja linapita kumanzere. Kabelu kanali pomwepo.

Ngwee, ngwee, ngwee.

Atikonda anamvetsera. Kunali zii. Analizanso.

Ngwee, ngwee, ngwee.

Kumtunda belu lina linayankha. Kenaka lachiwiri. Kenaka ambirimbiri.

"Atikonda," anatero mawu aja kumbuyo kwake. Anali pafupi ndi khutu.

Atikonda sanacheuke. Anayenda kulowera kwa mabelu. Ankaliza, n'kuyenda. Ankaliza, n'kuyenda. Mabelu anakula. Mawu aja anachepa. Anachepa, anachepa, mpaka anatha.

Dzanja linatuluka mu nkhungu. Linamugwira pamkono. Linali lofunda. Linali la a Eneless.

"Wayankha?" anafunsa a Eneless.

"Ayi, azakhali. Sindinayankhe."

"Chabwino. Vala juzi, ukuzizidwa."

Juzi inali pamwamba. Sinavute kupeza. A Eneless anamuveka okha. Sanamusiye dzanja mpaka kutsika phiri.

A Kaliati anakweza mtanda. Nyimbo inayambanso. Kuseri kwa mpata dzuwa linali likuwala.

Anafika ku tchalitchi chija dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake Atikonda anatulutsa diresi pansi pa chikwama. Linali loyera bwinobwino. Anavala, n'kupemphera pafupi ndi azakhali. Atatha mapemphero, anabwerera pa minibasi.

Amayi anali pakhonde ndi khanda. Atikonda anawathamangira.

"Amayi, dzulo masana munandiitana?"

"Ine? Dzulo masana ndinkachapa matewera."

Amayi anayang'ana a Eneless. A Eneless anayang'ana kuphiri. Amayi anamukokera Atikonda pafupi. Anamufungatira nthawi yaitali.

"Zatha zimenezo," anatero a Eneless. "Mwana wabwera. Ine ndizipita kwathu. Kiyi wanga ali kuti?"

Anapisa m'chikwama chawo. Anatulutsa mpango. Anatulutsa kolona. Anatulutsa chinangwa chotsala. Kiyi sanapezeke. Pomaliza anakhuthula zonse pamkeka. Kiyi anagwa pamapeto penipeni.

Atikonda anayang'ana mulu wa katundu.

"Azakhali," anatero chapansipansi, "chofuna msanga, pafupi ndi dzanja."

Amayi anaseka mpaka khanda linadzuka.

"Tamuonani mwana wa dzana," anatero a Eneless. Anamukankhira chikwama. "Nacho. Longedza ndiwe."

Atikonda analongedza. Mpango pansi. Chinangwa pakati. Kiyi m'thumba la kumanja.

Kabelu anakaika kumanzere.