Dzungu la M'ndowa

Kulusumu amakhala ku Makause, m'dziko la eni, kutali ndi kwawo. Ali ndi dzungu limodzi. Analidzala m'ndowa yakale, kuseri kwa nyumba yawo ya malata. Nthanga yake inachokera kumudzi, ku Machinga. Inali imodzi yokha.

Tsiku lina masamba anafota. Kulusumu anathirira. Masamba anafotabe.

Amalume ake, a Nasiru, amatchetcha kapinga ku Benoni. Abwana awo anawapatsa kachipangizo koyezera chinyezi m'dothi. Kali ndi kachitsulo kobaya pansi. Kalinso ndi kamuvi. Amalume amayenda nako m'thumba la malaya ngati dokotala.

"Patukani," anatero amalume.

Panjira panalibe munthu.

Amalume anabaya kachitsulo m'ndowa. Anatsokomola pang'ono. Kamuvi kanapita kumanja.

"Kakuti chiyani, amalume?" anafunsa Kulusumu.

"Kakuti madzi achuluka. Koma masamba afota. Ndiye kuti kafa. Tenga, uziseweretsa."

Kulusumu anaganiza. Anabaya pa dothi louma. Kamuvi kanapita kumanzere. Anabaya m'ndowa. Kamuvi kanapita kumanja.

"Sikanafe," anatero chamumtima.

M'mawa mwake sanathirire. Anakhala paseri pa mgolo. Anadikira.

Amayi anabwera ndi madzi otsukira mpunga. Anakhuthulira m'ndowa.

"Imwa, wakwathu," anatero.

Abambo anasamba m'manja ndi kumapazi kuti akaswali. Madzi otsala anakhuthulira m'ndowa.

"Imwa, wakwathu," anatero.

Kenako kunabwera amalume. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anakhuthulira botolo lonse m'ndowa.

"Imwa, wakwathu," ananong'ona.

Kulusumu anawaitana onse.

"Dzungu lakhuta madzi," anatero. "Tonse tikulithirira."

Amalume anayang'ana ndege yodutsa.

"Limandikumbutsa kwathu," anatero amayi.

"Inenso," anatero abambo.

Abambo anaboola ndowa kunsi ndi msomali. Madzi anatuluka. Anatuluka. Anatulukabe.

Kuyambira pamenepo, wofuna kuthirira amayamba wafunsa kamuvi. Kakapita kumanja, madzi amabwerera. Koma kulankhula ndi dzungu n'kololedwa.

Masamba atsopano anaphuka. Anakula. Anatuluka m'ndowa n'kukwera malata.

Amayi anathyolako. Anaphika nkhwani wotendera. Aliyense anapeza pang'ono.

"Kachipangizo kanga sikanama," anatero amalume. "Ine ndinadziwa kale."

Kulusumu anawapatsako ndiwo zake.

"Idyani, akwathu," anatero.