Mtembo wa Patebulo la Pakona

Usiku umenewo Adokotala anaweruka mochedwa. Sanali dokotala ayi. Dzinalo anam'patsa ndi anzake okankha odwala pachipatala, pomuseka kuti sukulu ya udokotala anaisiyira panjira. Anachedwa dala, atabisala m'chipinda chochapira zofunda, kudikira kuti mnzake wa m'kalasi, amene tsopano ankavala khoti loyera, achoke. Mnzakeyo anali atam'panikiza masana: "Aise, mawa ndi tsiku lomaliza kulandira obwerera kukoleji. Ukapanda kuoneka, chitseko chatsekedwa mpaka kalekale."

Iye mumtima anali atagamula kale kuti sapita. M'chaka chake choyamba, atangochoka koika mayi ake, anam'patsa kampeni kuti atsegule chifuwa cha mtembo wophunzirira, wa patebulo la pakona. Nkhope ya mtemboyo inkakhala yokutidwa ndi nsalu. Anacheka pang'ono, fungo la mankhwala linam'tsamwitsa, m'maso mwake n'kubwera mayi ake. Anaponya kampeni pansi n'kutuluka. Sanapondekonso.

Njira yachidule yopita kwa azakhali ake, kumene ankakhala, inkadutsa kuseri kwa nyumba ya mitembo yomweyo. Magetsi a mumsewu anali atafa kalekale. Anayenda chozolika, osafuna kuona mazenera.

Kumbuyo kunamveka nsapato. Go... khwee. Go... khwee. Mwendo umodzi unkachita kukokedwa.

Anafulumira. Nazonso zinafulumira.

"Wongoka, mnyamata. Ukuyenda ngati wodwala msana."

Pambali pake panali bambo wachikulire, wamtali, khoti loyera atalimanga mabatani mpaka m'khosi.

"Ndangotopa, bambo."

"Bweretsa dzanja."

Asanam'gwire, mkuluyo anatikita zikhatho zake, n'kuziuzira mpweya. "Wodwala sagwidwa ndi manja ozizira," anatero. "Koma angawa akukana. Undikhululukire."

Zala zitatu zinakhala pamtsempha. Zozizira ngati chitsulo! Ndiye kenako fungo... fungo lija.

"Mtima ulibe vuto. Ukungothawa, ngati mwiniwake."

Mnyamatayo anasolola dzanja lake.

"Unandisiyiranji?" anafunsa mkuluyo.

Mkuluyo anamasula batani. Lina. Linanso. Kuchokera pakhosi kutsika pamimba panali mzere wosokedwa ndi ulusi wakuda. Analoza chapamwamba, pamene mzerewo unakhota.

"Apa ndi pako. Kwinaku anamaliza anzako. Sunalakwe, dzanja linangonjenjemera. Ndinakudikira m'mawa mwake. Nsalu ikamavundukulidwa ndinkati ndiwe..."

"Mayo ine!"

Mnyamatayo analiyatsa liwiro. Nsapato imodzi inatsalira m'ngalande, sanacheuke.

Azakhali ake, amene anakalambira pa unamwino, anatsegula chitseko atanyamula nyali. "Iwe, waledzera? Kapena agalu a eni akupeza?"

Anafotokoza mwachibwibwi, ali khale pansi. Atafika pa zouzira manja, azakhali anaika nyali patebulo mwapang'onopang'ono.

"Amakoka mwendo wakumanzere?"

"Eya."

"Ndi Apulofesa amenewo." Anakhala pampando. "Tsiku langa loyamba muwodi anandibweza pakhomo, ati ndikayambe ndafunditsa manja, wodwala si nsomba. Madokotala onse akuluakulu ukuwaonawa anadutsa m'manja mwawo. Mwendowo anauthyola pothamangira mayi wina wapakati usiku wamvula. Akazi awo anatopa n'kudikira, anachoka. Mwana analibe. Ankati ana awo ndi ife, chonsecho kutikalipira ngati tawabera mbuzi."

"Akukhala kuti tsopano?" anafunsa, ngakhale yankho ankalimva kale m'mafupa.

"Mwana wa achimwene, munthuyo anamwalira iwe uli kusekondale. Anakana bokosi, anakana manda. Anati thupi lake lipite kukoleji, chifukwa sanathane nawo ophunzira. Abale analira kawiri, koma anamumvera. Anamugoneka patebulo la pakona, pafupi ndi pamene ankakonda kuima pophunzitsa."

Mnyamatayo anayang'ana dzanja lake. Zaka zonsezi ankati anathawa mtembo wopanda mwini, wotoledwa mumsewu. Misozi imene inakana kutuluka pamanda a mayi ake inayamba kudontha pasimenti.

"Mundidzutse m'mamawa, azakhali. Ndikawapepese. Ndikamalize."

Azakhali anam'sisita kumutu ngati mwana.

"Kudzutsa ndikudzutsa, ndipo upite. Koma iwo sukawapeza. Anawaika m'manda chaka chatha, atamaliza kuphunzitsa. Ophunzira awo onse anabwera kudzaponya dothi. Iwe tsiku limenelo unali kukankha odwala, unangofunsa kuti maliro a anthu ambiri chonchi ndi a ndani."