Envulopu ya a Jobe

Foni ya Miriam inanjenjemeranso m'thumba. Anaitulutsa, ndipo ataona dzina la Yewo anaibwezera momwemo osawerenga. Unali uthenga wachisanu ndi chimodzi chiyambire Lachitatu.

Atsikana awiriwa anali Amalawi okha m'kalasi mwawo, pasukulu ina ya ku Embakasi mumzinda wa Nairobi, choncho aphunzitsi a mbiri yakale anawaika pamodzi pa mpikisano. Opambana ankayenera kukaimira sukulu ku Mombasa, ulendo umene Miriam ankaulota usana ndi usiku. Chinalakwika n'chimodzi: aphunzitsi anasankha Yewo kukhala mtsogoleri. Yewo, wochepa ndi chaka chathunthu, wobwera ku Nairobi dzanadzanali, amene mpaka pano ankasokonezabe matatu, maminibasi a kumeneko, n'kukwera olakwika! Miriam anangotenga theka lake la mapu a ntchitoyo n'kuuma mtima. Sabata imeneyo inali ya tchuthi, ndipo mumtima anati akakumana naye Lolemba, tsiku la mpikisano.

Mutu wawo unali wa nkhondo zapachiweniweni. N'chifukwa chake Lachisanu masana Miriam anapita kwa a Jobe, mkulu wosoka nsapato pafupi ndi geti la mafulati awo. Bambo ake anali atamuuza kuti mkuluyo ankatsogolera asilikali kwawo, dziko limene analithawa zaka makumi atatu zapitazo.

Miriam ananyonyomala pang'ono n'kupereka moni ndi manja awiri.

“Ana a kuno amangoti ‘sasa’ n'kudutsa,” anatero a Jobe. “Khala pabokosipo. Ukufuna kumva za nkhondo, eti? Si nkhani yokoma.”

Analankhula akusoka nsapato ya mwana wasukulu, osadzutsa mutu.

“Nkhondo inali m'chaka chake chachisanu ndi chinayi, aliyense atatopa nayo. Akuluakulu anati tikalanda tauni ina ya kutsidya la mtsinje mvula isanayambe, basi tapambana. Ine ndi anthu mazana anayi tidzere pamlatho. Mtsogoleri mnzanga Nicholas ndi anthu ake adzere kumapiri, tikakumane Lamlungu.”

“Ndiye a Nicholaswo anabwera?”

“Sanabwere.”

“Anakuperekani!” anatero Miriam, uku akulemba m'kope mwake kuti munthuyo anali wachiwembu. Zinamusangalatsa, chifukwa nkhani yokhala ndi wachiwembu sivuta kufotokoza.

“Fufuta zimenezo,” anatero a Jobe.

Anakoka chitini cha misomali, natulutsa envulopu yakale yokulungidwa m'pulasitiki.

“Iyi inandipeza kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke. Nicholas ameneyo, mfuti ndinamuphunzitsa ndine. Kenako anamukweza udindo, n'kukhala pamwamba panga. Wamthenga atandipatsa envulopuyi, ndinati mwana wadzulodzulo sangandiuze zochita. Ndinaiponya m'chikwama. Werenga.”

Munali mizere itatu yokha. Mvula yagwa kale kumapiri kuno, magalimoto atitimira. Musawoloke. Dikirani masiku asanu, bambo wanga.

“Tinawoloka,” a Jobe anapitiriza. “Mtsinje unasefukira kumbuyo kwathu, mlatho n'kupita. Kutsogolo adani ankatidikira. Tinatsala anthu makumi asanu ndi limodzi. Patapita miyezi inayi nkhondo inatha, mbali yathu itagonja. Mabuku analemba kuti wolakwa anali Nicholas, ndipo ine sindinatsutse.”

“Nanga munaitsegula liti?”

“Konkuno, patapita zaka ziwiri. Ndinkafuna pepala lokulungira misomali.”

Anaibweza m'chitini n'kutola hamala. Sanalire, ndipo sanapereke malangizo alionse. Mayi wina anafika ndi nsapato yothyoka chidendene, a Jobe n'kuyamba kucheza naye m'Chiswahili.

Miriam anathokoza n'kunyamuka. Ndege inadutsa m'munsimunsi kulowera kubwalo, koma iye sanaiyang'ane. Atafika pamasitepe a fulati yawo anakhala pansi, natulutsa foni. Nthawi inali itadutsa folo koloko.

Uthenga wa Lachitatu unali wakuti: “Miriam, aphunzitsi andiimbira. Oweruza akuchoka Loweruka, ndiye mpikisano ausunthira Lachisanu, thu koloko, muholo.” Wa Lachinayi: “Wauona uthenga uja? Ndakuimbira kanayi.” Wina: “Ngati vuto ndi utsogoleri, utenge, ine ndilibe nawo ntchito. Ingobwera ndi mapu.” Wa m'mawa womwewo: “Achemwali, chonde.”

Yewo anali asanamutchulepo choncho. Manyazi anamugwira Miriam. Anawerenga uthenga wachisanu, wofunsa ngati ali m'matatu, kenako wotsiriza uja, umene unafika iye akutsika masitepe omwewa kupita kwa a Jobe.

“Ndaima ndekha ndi theka la mapu. Ku Mombasa kukupita ena.”

Miriam anakhala pamenepo kanthawi, akumva hamala ya a Jobe ikugogoda kugeti. Anaganiza zoti Lolemba akauze aphunzitsi kuti uthenga sunamufike, ndipo anadziwa kuti akanamukhulupirira. Kenako anadina dzina la Yewo. Foni inaitana kasanu isanayankhidwe.

“Yewo, ndine,” anatero Miriam. “Mauthenga ako onse anafika pa nthawi yake. Sindinawatsegule. Lolemba ndikawauza ndekha aphunzitsi.”