Mukulemera Ngati Bambo Anu

Msonkhano unatha dzuwa litalowa kale, ndipo amene anauchedwetsa ndi a Dickson Kadzakumanja eni ake. Munthu amene waphunzitsa ana zaka makumi atatu sadziwa kufupikitsa nkhani. Akangoimirira, aliyense wokhala pansi amasanduka mwana wa Sitandade 5.

Nkhani yake inali ya dzina. Chaka chimenecho cha 1999, asilikali akale a m'dera la Dambe anali atamaliza kumanga kachipatala kawo ka zipinda zitatu ndi khonde. Cholinga chinali choti nkhalamba zimene zinamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la asilikali a Keyala, komanso anyamata amene anabwera ndi mabala kuchokera ku Mozambique, asamapalasenso njinga mpaka kuboma pofuna mankhwala. Chikwangwani chinali chitapakidwa kale penti yoyera. Chotsala chinali dzina la ngwazi yoti ilembedwepo, ndipo komiti inagwirizana zodzavota mmawa mwake. Inali nthawi ya matipate, ngakhale dzina la chipatala linkafuna voti.

A Dickson anali nalo kale dzina m'thumba la jekete, lolembedwa pakapepala m'zilembo zikuluzikulu: SAJENI FLETCHER KADZAKUMANJA. Amenewo anali bambo awo. Anabwerera kuchokera ku Burma mu 1946 akutsimphina, mendulo ili pachifuwa, ndipo mwana aliyense m'deralo anakula akumva zoti Sajeni ananyamula anzawo ovulala n'kuwachotsa pakati pa zipolopolo. Palibe amene akanatsutsa dzina limeneli.

Koma panali chinthu chimodzi chimene a Dickson sanauze komiti. Mu 1990, Sajeni ali pafupi kutsirizika, anagwira mwana wawoyo dzanja n'kunena kuti, "Mendulo ija si yanga. Tinavulala anthu asanu, ndipo amene anatinyamula ndi Amachira, tenanti uja. Mzungu analemba dzina langa chifukwa ndine ndinali sajeni. Ukakonze zimenezi."

A Dickson sanakonze. Amachira ankawakumbukira patalipatali: Mlomwe wa ku Phalombe amene ankalima fodya pamunda wa bambo awo, n'kumagona m'kanyumba kuseri kwa zigafa. Nkhope yake sankaikumbukira n'komwe, pakuti mwana wa bwana akabwera kuholide sayang'ana tenanti kumaso. Kenako ntchito inawapititsa ku Kasungu ndi ku Ntcheu, ndipo pobwera anapeza kanyumbako katagwa. Anangodziuza kuti mlendo ndi mame, munthuyo anabwerera kwawo kalekale. Nanga dzina la wobwera lingalembedwe bwanji pachipatala cha eni nthaka? Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akudziyankha choncho, koma kunena zoona mtima sunkawapatsa mtendere.

Anakwera njinga yawo, tochi ya mabatire otha atayimangirira kuhandulo. Unali mwezi wa Febuluwale. Mvula inali itangokata kumene ndipo kunja kunali mdima wa ndiwe yani. Achule ankalira m'madambo, fungo la fodya wonyowa likuchokera m'zigafa za m'mbali mwa njira. A Dickson ankapalasa akuyeserera mawu amene adzalankhule mawa, mpaka anafika pakamlatho ka mitengo ka pa Kasekese, pamene njira imadutsa m'mphepete mwa manda.

Wanzeru amatsika pamenepo n'kukankha njinga. Iwo anali pakati pa chiganizo.

Teyala lakutsogolo linalowa pakati pa mitengo iwiri. Tochi inauluka. Iwo anangomva kuti khu! Kenako mwendo kuti thyo!

Anapezeka ali pansi pa mlatho, theka la thupi lili m'madzi. Atayesa kudzuka, ululu unawabweza pansi. Madzi ankabwera ndi zinyalala za kumtunda, ndipo ankakwera. Anali m'chiuno... posakhalitsa anafika m'nthiti.

"Thandizeni! Anthuni, ndikufa kuno!"

Ndani angayankhe mawu oitana usiku kuchokera kumanda? Ngakhale iwo akanakhala m'nyumba akanangokoka bulangete. Anakuwanso kawiri, mawu n'kuwathera.

Kenako achule onse anasiya kulira. Kunangoti zii.

"Musadzuke. Mwendo umenewo wathyoka."

Munthu anali ataima pambali pawo, m'madzi momwemo. Sanamumve akubwera. Anali wamfupi, wojintcha, nkhope yosaoneka mumdimamo. Anawakokera pamtunda ngati akukoka thumba la madeya. Anathyola timitengo tiwiri, n'kusenda luzi, n'kumanga mwendowo mwachangu, manja ake akuchita ngati akuona. Atamaliza anagwada, n'kuwapatsa msana.

"Kwerani."

A Dickson anakwera. Munthuyo ananyamuka kamodzi n'kamodzi, osabuula, n'kuyamba kukwera chitunda. Atayenda pang'ono anawakweza bwino pamsanapo, n'kuseka chapansipansi.

"Mukulemera ngati bambo anu."

Thupi lonse la a Dickson linachita tsemwe. Bambo awo anali atagona m'manda zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa moyo wawo wonse ndi munthu mmodzi yekha amene anawaberekapo ali aakulu.

"Bambo anga... munkawadziwa?"

"Ndinamalizira iwo. Anati, yamba watenga anyamatawa. Anali munthu wabwino. Kungoti mendulo ikakhala pachifuwa imavuta kuvula."

Mwezi unasuzumira pang'ono m'mitambo. A Dickson anaona nkhongo ya imvi, ndi khutu lakumanzere lodukira pakati ngati lodulidwa ndi mpeni. Munthuyo ankanunkha fodya ndi dothi lonyowa. Ngati anali amene iwo ankamuganizirayo, ndiye kuti zaka zake zinali pafupi makumi asanu ndi atatu. Nanga mphamvu zimenezi?

Msana wake unali wozizira. Wopanda thukuta.

Ankakwera chitunda, koma sankapuma wefuwefu. A Dickson anatchera khutu. Sankapuma n'komwe!

Maso awo anayamba kuchita chidima, mutu n'kugwera paphewa la munthuyo.

"Musagone. Wovulala akagona sadzuka. Werengani mapazi anga."

Anayesa kuwerenga. Koma awerenga chiyani? Njira yonse inali matope okhaokha, amene amalira kuti phwatha phwatha ngakhale podutsa mbuzi. Pansi pa munthuyu matopewo anali chete.

A Dickson anafuna kutsika. Atsika apita kuti ndi mwendo umodzi?

"Kodi... ndinu Amachira?"



"Limenelo ndi dzina la ntchito yonyamula ovulala pamachira," anatero munthuyo. "Langa lenileni palibe wandiitana nalo chibwerereni kunkhondo."

Manyazi amene anagwira a Dickson anaposa mantha, anaposanso ululu wa mwendo. Kapepala kaja kanali m'thumba la pachifuwa, kakukhudza msana wa munthuyo. Anafuna kupepesa, koma mphunzitsi amene ankalankhula mpaka dzuwa kulowa anasowa liwu ngakhale limodzi. Anangolira mwakachetechete ngati mwana wakumbuyo.

Anatsitsidwa bwinobwino pasimenti youma. Poyang'ana m'mwamba anaona chikwangwani choyera chopanda dzina. Linali khonde la kachipatala kaja.

"Mwakwana asanu ndi mmodzi," anatero munthuyo, n'kugogoda chitseko katatu.

Chitseko chinatseguka, n'kutuluka a Wilson ndi nyali. A Wilson anali nkhalamba ya Keyala imene inadzipereka kumagona pachipatalapo kuopa akuba malata. Anakuwira a Veronika, anamwino amene ankakhala m'nyumba ya kuseri, ndipo awiriwo analowetsa a Dickson m'kati. Motero munthu woyamba kugona pabedi la chipatala cha asilikali anakhala mphunzitsi amene sanagwirepo mfuti.

A Veronika anayang'ana luzi lija n'kupukusa mutu. "Wakumangani ndani, aphunzitsi? Pakanapanda kamangidwe kameneka, fupa likanaboola khungu."

"Ali pakhonde," anatero a Dickson. "Aitaneni alowe, ndi onyowa. Mawa akhale nawo pamsonkhano, ndili ndi mawu oti ndinene pamaso pawo. Ndi Amachira, aja ankalima kwa bambo. Ali moyo!"

A Wilson anatuluka ndi nyali. Anazungulira nyumba yonse. Pobwera anaika nyaliyo pansi pang'onopang'ono, n'kukhala pabenchi.

"Pakhonde pali matope a pamene munagona inu basi. Phazi la munthu palibe. Mwati Amachira?"

"Eee. Wamfupi, khutu lakumanzere lodukira pakati."

"Khutu limenelo linaduka ine ndikuona, akubwerera kachitatu kukatenga wovulala." A Wilson anavula chipewa. "Aphunzitsi, Amachira sanabwerere ku Phalombe. Anamwalira mu 1983, inu muli ku Ntcheu. Manda ake ndinakumba nawo ndi manja angawa. Tinamuika kumapeto, kumene timaika alendo, moyang'anana ndi mlatho wa Kasekese. Palibe mtanda. Tinangoikapo mwala."

Kunja achule anali atayambanso kulira.

"Ndiye inu munkadziwa za mendulo ija," anatero a Dickson. "Bwanji simunanene pamsonkhano?"

"Ine ndinali mmodzi mwa asanuwo. Koma ndikanachotsa bwanji dzina la bambo m'kamwa mwa mwana wawo? Ndimadikira inu." Nkhalambayo inawayang'ana m'maso. "Amachira ananyamula bambo anu ali moyo. Inu wakunyamulani atafa. Nanga inuyo mwamunyamulirapo chiyani?"

A Dickson anapisa m'thumba la jekete. Kapepala kaja kanali katanyowa, inki itayenderera, koma dzina la Sajeni linkawerengeka ndithu. Analiyang'ana nthawi yaitali, pakuti bambo awo ankawakonda kwambiri. Kenako anakatembenuza, n'kupempha cholembera kwa a Veronika.

"A Wilson, dzina lawo lenileni linali ndani?"

"Zakeyu Namakhwa."

Analemba pang'onopang'ono, m'zilembo zikuluzikulu. Atamaliza anatembenukira kuchitseko, chimene chinali chikadali chotsegula, n'kulitchula mokweza kuti limveke mpaka kumlatho.