Nsapo ya Azakhali a Wagiyem

Mlendoyo dzina lake anali Sudarmaji, ndipo anapempha chinthu chimodzi: timuonetse pamene anakwirira nsapo ya azakhali anga a Wagiyem tsiku limene anabadwa. Anandipeza ndikutsekera abakha. Ankanunkha lubani ndi mano owola. Ndinathawira m'nyumba.

Azakhali anali ndi zaka makumi anayi, koma thupi ndi nkhope zinali za kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Madokotala a m'tauni anajambula mafupa awo n'kungoti ndi matenda osowa. Mudzi unali ndi yankho lake: amayamwa zaka za anzawo. Abambo awiri amphamvu atamera imvi n'kufa mwezi umodzi, anthu anasiya kugula mazira athu. Akamadutsa pakhomo pathu ankalavulira pampanda.

Sudarmaji anauza anthu kumsika kuti womwa dothi la mumphika wokwiriramo nsapo ya munthu wotereyo sakalamba, ndipo mwini nsapoyo amafota n'kufa. Palibe anaonapo vuto.

Kwathu mphika wa mtsikana amaukwirira kumanzere kwa khomo, wa mnyamata kumanja. Koma nyumba yathu inamangidwanso ndipo khomo linasuntha. Wokumbukira malo akalewo anatsala mmodzi, mayi Painem, mzamba wokalamba amene ankatitukwana kuposa onse.

Lachisanu masana, amuna ali kumzikiti, ndinamva khasu panja. Ndinasuzumira. Mayi Painem ankamulozera Sudarmaji pansi ndi ndodo.

"Kumba apa. Kafe kamfitiko."

Mphika unatuluka. Sudarmaji anasungunula dothilo m'madzi n'kumwa ali chiimire, matope akutsikira m'khosi. Azakhali anandigwira chala, dzanja lawo lili zii.

"Lastri, ndifa?"

Ndinawafinya dzanja.

Tsiku lomwelo kulira kwa khanda kunayamba kumveka m'minda ya mpunga, koma ndi mawu a munthu wamkulu. Agalu anakana kupitako. Tsiku lachitatu kunati zii. Anamupeza Sudarmaji m'ngalande atafa, atadzipinda, zibakera atafumbata, chala chachikulu chili m'kamwa.

Azakhali anadya mpunga wawo monga mwa masiku onse.

Ndinakumana ndi mayi Painem pachitsime. Osandiyang'ana, anandiuza kuti mphika uja unali wa mlongo wa azakhali, mwana wamwamuna amene anakhala ndi moyo masiku atatu okha. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati anasokoneza malo.

"Ine ndisokoneze? Ndinakwirira ndekha." Anakoka chingwe cha ndowa. "Maso anga atayamba kufa, palibe ankandilowetsera ulusi pasingano. Koma kamfiti kanuko ndi kamene kankandilowetsera."

Analavula pansi, anasenza ndowa yawo n'kumapita.